Mayi Kitty Wilkinson a ku Liverpool (1786–1860): Mphika Umodzi Pakati pa Mliri wa Kolera



Ulendo uno ndakutengerani mbiri ya Mayi Catherine Wilkinson, amene anthu a kwawo ankangowatchula kuti Kitty. Ambiri a ife sitinamvepo dzina lawo, koma mumzinda wa Liverpool, ku England, ndi odziwika kwambiri. Mayiwa sanali akazi a bishopu, sanali dokotala, ndiponso sanalowepo m'kalasi ya unamwino. Ankachapa zovala za anthu kuti ana awo adye. Komabe lero chithunzi chawo chili pa zenera la tchalitchi chachikulu cha Anglican cha mumzindawo, ndipo manda awo ali pafupi ndi tchalitchi chomwecho. Chimene chinawafikitsa pamenepo ndi chimphika chimodzi chowiritsira madzi, chimene anakana kuchiumira pamene kolera inkatha anthu m'dera lawo.

Ubwana wa masautso

Kitty anabadwa m'chaka cha 1786 ku Derry, kumpoto kwa chilumba cha Ireland, m'banja la a Seaward. Ali ndi zaka pafupifupi 9, makolo ake anatenga ana n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku Liverpool kukafuna moyo wabwinoko, monga ankachitira anthu ambiri a ku Ireland masiku amenewo. Ulendowo unathera m'misozi. Sitima inachita ngozi itatsala pang'ono kufika, pa mathiriro a mtsinje wa Mersey. Bambo ake ndi mng'ono wake anamira. Kitty ndi mayi ake anapulumuka, koma mayiwo sanakhalenso bwino mpaka imfa yawo. Mutu unasokonekera ndi chisoni, ndipo m'kupita kwa nthawi maso nawonso anafooka.

Ali ndi zaka pafupifupi 12, Kitty anatumizidwa ku fakitale yopota thonje ku Caton, pafupi ndi tawuni ya Lancaster. Masiku amenewo ana amasiye ndi ana a amphawi ankaperekedwa kwa eni mafakitale pa pangano la zaka zambiri. Ankagona komweko, kudya komweko, ndi kugwira ntchito kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Kuti timvetse kukula kwa ntchitoyo, tidziwe kuti lamulo loyamba loteteza ana otere linabwera mu 1802, ndipo mwa zina linaletsa kuwagwiritsa ntchito kupitirira maola 12 pa tsiku. Ku Caton n'kumene Kitty anathera utsikana wake wonse.

Atakula anabwerera ku Liverpool kukasamala mayi ake, ndipo ankagwira ntchito za m'nyumba za anthu. Mu 1812 anakwatiwa ndi mmalinyero wina dzina lake Emanuel Demontee. Banjalo silinakhalitse. Mwamunayo anafera pa nyanja, n'kumusiya ndi ana aamuna awiri aang'onoang'ono komanso mayi odwala aja. Asanakwanitse n'komwe zaka 30, Kitty anali atalawa kale umasiye kawiri: wa mwana wofedwa bambo, ndi wa mkazi wofedwa mwamuna.

Pa zaka zotsatira ankagwira ganyu aliyense amene wapezeka. Kenaka anapeza makina opukusa ndi manja ofinyira zovala zochapa, ndipo kuchapa kunakhala ntchito yake yodalirika. Mu 1823 anakwatiwanso ndi a Tom Wilkinson, onyamula katundu m'nyumba zosungiramo katundu za pa doko, amenenso pa ubwana wawo anagwirapo ntchito ku Caton. A Tom anali munthu wa mtima wonga wa akazi awo. Banjali linachita lendi nyumba mumsewu wa Denison Street, kufupi ndi doko, pakati pa anthu osaukitsitsa. M'chipinda cha pansi pa nyumbayo munali chimphika chachikulu chowiritsira madzi, chimene Mayi Wilkinson ankachapira zovala za makasitomala awo.

Mzinda wolemera wa anthu osauka

Tisanapitirire, tione kaye mzinda umene Mayi Wilkinson ankakhalamo, chifukwa popanda kuudziwa sitingamvetse phindu la chimphika chija.

Liverpool unali umodzi mwa madoko akuluakulu pa dziko lonse. Chuma chake china chinachokera ku malonda a akapolo ogwidwa ku Africa, amene Britain inaletsa mu 1807, ndipo pambuyo pake chinkachokera ku thonje lolimidwa ndi akapolo ku America. Amalonda anali ndi nyumba zikuluzikulu zokongola. Koma anthu ofuna ntchito ankakhamukira mumzindamo mofulumira kuposa mmene nyumba zinkamangidwira. Mu 1831 munali anthu pafupifupi 165,000, ndipo pofika 1851 anali atapitirira 370,000.

Osauka ankakhala m'malo a mitundu iwiri. Ena ankakhala m'tinyumba tomangidwa mogundana misana, toyang'anizana pa kabwalo kopapatiza kolowera pa kakhomo kamodzi. Dzuwa silinkafika, mphepo siinkadutsa. Mabanja onse a pa kabwaloko ankagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi kapena ziwiri, ndipo dzala linali pomwepo. Chimbudzi chikadzaza chinkasefukira pabwalo pamene ana ankasewera. Ena, osaukitsitsa, ankakhala m'zipinda zokumbidwa pansi pa nyumba, kunsi kwa msewu. Zambiri zinalibe zenera, pansi panali dothi lachinyezi, ndipo mvula ikagwa madzi oipa a m'misewu ankatsikira momwemo. Dokotala wina wa mumzindawo, William Henry Duncan, amene ankayendera odwala m'malo amenewa, anafotokoza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840 kuti anthu oposa 20,000 ankakhala m'zipinda za pansizi, ndipo oposa 55,000 ankakhala m'timabwalo tija.

Madzi ankagulitsidwa ndi makampani, ndipo ankatuluka kwa kanthawi kochepa masiku ena okha pa sabata. Misewu yambiri ya osauka inalibe ngalande zochotsa zonyansa. Lipoti la Edwin Chadwick la mu 1842 linapeza kuti tikaphatikiza zaka za onse omwalira m'mabanja a anthu aganyu a ku Liverpool n'kugawa mofanana, aliyense ankafa ndi zaka 15 zokha, pamene m'mabanja olemera zinali 35. Chiwerengerochi chinatsika chonchi chifukwa cha kuchuluka kwa makanda omwalira asanayambe n'kuyenda komwe.

Tsono taganizirani mayi wa m'chipinda chotero. Ana asanu, bulangete limodzi, matiresi a udzu. Mwana akadwala m'mimba usiku, madzi ochapira awatenga kuti? Malasha owiritsira madziwo agula ndi chiyani? Akachapa ayanika pati, ndipo usiku umenewo afunda chiyani m'dziko lozizira ngati limenelo? Olemera ankanena kuti osauka ndi auve mwachibadwa. Mayi Wilkinson, amene ankakhala nawo khomo ndi khomo, ankadziwa kuti amayi anzawo sankadana ndi ukhondo. Chimene analibe ndi madzi, moto ndi malo.

Chaka cha 1832

Kolera inachokera ku India, n'kudutsa ku Russia ndi maiko ena a ku Ulaya, ndipo inafika ku England kudzera pa doko la Sunderland chakumapeto kwa 1831. Ku Liverpool inalowa mu May 1832. Anthu anali asanaonepo matenda otere. Munthu wodzuka bwinobwino m'mawa ankayamba kutsekula m'mimba zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, kusanza, miyendo kukokana, maso kulowa m'kati, khungu kuchita makwinya, ndipo pofika usiku anali atapita. Chaka chimenecho anthu pafupifupi 5,000 anadwala mumzindamo, ndipo oposa 1,500 anamwalira.

Madokotala a nthawiyo sankadziwa chimene chimayambitsa kolera. Ambiri ankakhulupirira kuti imayenda ndi mpweya wonunkha. Chithandizo chawo chinali kuchotsa magazi m'thupi la wodwala ndi kum'mwetsa mankhwala ena otsekulanso m'mimba. Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala tikamva zimenezi timagwidwa nthumanzi, chifukwa wodwala kolera amafa ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo chithandizo chotere chinkangofulumizitsa imfa. Chaka chomwecho dokotala wina wa ku Leith, ku Scotland, dzina lake Thomas Latta, anayesa kulowetsa madzi a mchere m'mitsempha ya odwala. Chimenechi ndicho chiyambi cha diripi imene tikuidziwa lero, koma anzake sanamutsatire, ndipo nzeruyo inagona zaka zambiri.

Pamwamba pa matenda panabwera mantha. Zaka zinayi m'mbuyomo, mu 1828, ku Edinburgh kunagwidwa anthu awiri, Burke ndi Hare, amene ankapha anthu n'kumagulitsa mitembo kwa mphunzitsi wa madokotala. Choncho kolera itabuka, mphekesera inafala ku Liverpool yoti madokotala akutengera odwala ku chipatala n'cholinga choti akawaphe n'kuwang'amba. Kumapeto kwa May ndi kumayambiriro kwa June kunachitika zipolowe kangapo. Magulu a anthu ankagenda zipatala, kuthamangitsa madokotala ndi kuphwanya machira onyamulira odwala. Mabanja ena ankabisa odwala awo m'nyumba mpaka kufa. Ife amene tinamvapo mphekesera za anamapopa kuno kwathu sitingawaseke anthu amenewa.

Khomo lotsegula pa Denison Street

M'dera lonse la Mayi Wilkinson, chimphika chowiritsira madzi chinali chawo chokha. Chinali ngati munda wawo, pakuti ndi chimene chinkadyetsa banja. Munthu wochenjera mwa dziko akanatseka chitseko, n'kusunga ana ake kutali ndi zofunda za odwala. Palibe akanawadzudzula. Komanso panali chiopsezo chakuti makasitomala awo akamva kuti m'chimphika momwemo mukulowa nsalu za anthu a kolera, asiya kubweretsa zovala.

Iwo anatsegula chitseko. Anauza amayi oyandikana nawo kuti azibweretsa zovala, mabulangete ndi nsalu za odwala ndi za omwalira, adzaziwiritse m'chimphika chawo. Anamanga zingwe zoyanikira kuseri kwa nyumba. Anawaphunzitsa kuviika nsaluzo m'madzi osungunuliramo ufa wa klorini, mankhwala a mtundu womwewo umene alangizi a zaumoyo amatigawira masiku ano. Amene akanatha ankapereka kobiri limodzi pa sabata lothandizira malasha ndi sopo. Izi zinapulumutsa mabanja ku umphawi woonjezera, chifukwa njira ina yochotsera matenda pa zofunda inali kuzitentha, ndipo mayi wa bulangete limodzi akalitentha ankatsala wopanda kanthu.

Sanalekere pa kuchapa. Ankalowa m'zipinda za pansi zija kukasamala odwala amene abale awo anawathawa. Ankabwereketsa nsalu zawo zoyala pabedi. M'mawa uliwonse ankaphika phala lochuluka n'kugawira mabanja amene analibe wowaphikira. Popeza madokotala anali ochepa ndipo anthu ankawaopa, Mayi Wilkinson anakhala mlatho: ankamva malangizo kwa dokotala n'kukawafotokozera anansi awo, ndipo anansiwo ankawamvera chifukwa anali mnzawo wa mumsewu womwewo. A Tom nawo akaweruka ku ntchito ankathandiza kusonkha moto ndi kunyamula mitolo ya zochapa.

Mliri unasiya ana ambiri amasiye akungoyendayenda m'misewu. Ena a iwo Mayi Wilkinson anawatenga n'kuwalera m'nyumba mwawo, ngakhale iwo eni anali a lendi. Ena ankawasonkhanitsa m'chipinda masana kuti azisamalidwa ndi kuphunzitsidwa pamene akuluakulu ali ku ntchito kapena pa chochapa. Anansi awo ambiri anali ochokera ku Ireland, a mpingo wa Katolika, m'mzinda umene udani wa mipingo unali waukulu. Pa khomo la Mayi Wilkinson munthu sankafunsidwa kumene amapemphera.

Ntchito yotere siikanapitirira ndi makobiri a osauka okha. Mutu umodzi susenza denga. Bungwe lothandiza osauka la District Provident Society linayamba kuperekapo thandizo, ndipo banja la amalonda la a William Rathbone ndi akazi awo a Elizabeth linagwira nawo dzanja. Thandizoli linabwera ntchito itayamba kale. Olemera anadzapeza moto uli kale pa mafuwa, iwo n'kungoonjezera nkhuni.

Kodi kuwiritsa zovala kunathandizadi?

Apa ndilankhulepo monga namwino wopuma. Mayi Wilkinson sankadziwa za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo panthawiyo panalibe amene ankadziwa. Koma zimene ankachita zinali zolondola. Tizilombo ta kolera timatuluka ndi chimbudzi ndi masanzi a wodwala. Nsalu yoipitsidwa ikagwiridwa ndi manja, manjawo n'kukagwira chakudya kapena kapu yotungira madzi, matenda adutsa. Madzi owira amapha tizilomboti, klorini nayenso amatipha. Kutentha kumaphanso nsabwe za m'zovala, zimene zinkafalitsa matenda ena oopsa otchedwa typhus m'nyumba zopanikizanazo.

Komabe chimphika chimodzi sichikanathetsa mliri, chifukwa njira yaikulu ya kolera ndi madzi akumwa. Zimenezi zinadzaonekera poyera mu 1854 ku London, m'dera la Soho, pamene Dr John Snow anasonyeza kuti ambiri mwa omwalira ankamwa madzi a pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Amene anamuthandiza anali wansembe wachinyamata wa mpingo wathu wa Anglican, Henry Whitehead, wa pa tchalitchi cha St Luke's. Poyamba iye sankagwirizana ndi maganizo a dokotalayo, koma atayenda khomo ndi khomo m'parishi yake anapeza gwero lake: mayi wina ankachapa matewera a khanda lake lodwala n'kumataya madziwo m'dzenje la zonyansa limene linali pafupi kwambiri ndi chitsime cha mjigowo. Amayi, mfundo imeneyi tiisunge. Kuchapa kokha sikokwanira, tiyeneranso kusamala kumene tikutaya madzi ochapirawo. Tizilombo tenitenito tinadzadziwika bwino ndi ntchito ya Robert Koch mu 1883 ndi 1884, Mayi Wilkinson atamwalira kale.

Kuchoka pa nyumba ya lendi kufika ku khonsolo

Mliri wa 1832 utatha, amayi sanasiye kubwera kudzachapa, chifukwa umphawi wawo unali usanathe. Apa zinaonekeratu kuti vutoli silinali la nyengo ya matenda yokha. Mayi Wilkinson ndi amene ankawathandiza anayamba kukakamiza akuluakulu a mzinda kuti amange malo ochapira ndi osambira a anthu osauka. Zinatenga zaka khumi. Mu 1842 khonsolo ya Liverpool inatsegula nyumba yochapiramo ndi yosambiramo mumsewu wa Upper Frederick Street, yoyamba ya mtundu umenewu m'dziko la Britain. Mayi wosauka ankatha kupita ndi mtolo wake, kupeza madzi otentha ndi malo oumitsira, n'kubwerera kwawo ndi zofunda zouma tsiku lomwelo, pa mtengo wochepa.

Poyamba udindo woyang'anira malowo unapatsidwa kwa anthu ena. Mayi amene anayambitsa ganizo lonselo anaiwalika kwa zaka zinayi, koma sanasiye kutumikira anansi awo. Mu 1846 ndi pamene iwo ndi amuna awo anapatsidwa udindowo. Chaka chomwecho analandira mphatso ya tipoti ya siliva yochokera kwa Mfumukazi Victoria ndi amayi a ku Liverpool. Chaka chomwechonso nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo lolola makhonsolo onse kumanga malo osambira ndi ochapira a anthu wamba. Chimene chinayambira m'chipinda cha pansi pa Denison Street chinafalikira m'mizinda yambiri.

Mu 1846 momwemo Liverpool inapeza lamulo lakelake la ukhondo wa mzinda. Pa 1 January 1847, Dr Duncan uja anakhala mkulu wa zaumoyo wa mzindawo, woyamba kukhala pa udindo wotere m'dziko lonselo, ndipo injiniya James Newlands anapatsidwa ntchito yokonza ngalande zochotsa zonyansa. Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Mu 1847, njala yaikulu ya ku Ireland inakankhira anthu pafupifupi 300,000 pa doko la Liverpool. Ambiri anapitirira ku America, koma ochuluka anatsala n'kudzazanso zipinda za pansi zija, ndipo typhus inapha anthu zikwizikwi. Mu 1849 kolera inabweranso n'kupha anthu oposa 5,000, kuposa mu 1832. Madzi abwino ochokera ku madamu a ku Rivington anayamba kufika mumzinda mu 1857. Zinatenga ngalande, mipope ndi malamulo kuti kolera igonje. Chifundo cha mayi mmodzi chinatsegula njira, koma ntchito yotsalayo inali ya boma ndi khonsolo.

Masiku otsiriza

A Tom Wilkinson anamwalira patangopita nthawi yochepa chilandirireni udindo uja, ndipo Mayi Wilkinson anakhalanso amasiye. Anapitiriza ntchitoyo kwa zaka zingapo. Sanalemere. Anamwalira pa 11 November 1860, ndipo anaikidwa m'manda a St James. Pa maliro awo panasonkhana anthu a mitundu yonse, olemera ndi osauka. Mwala wa pa manda awo umawakumbukira monga bwenzi la amayi amasiye, mthandizi wa ana amasiye, wosamalira odwala mopanda mantha, ndiponso woyambitsa malo osambira ndi ochapira a osauka. Pamwalapo anaikaponso ndime ya pa Marko 12:44, ya mayi wamasiye uja amene anaponya timakobiri take tonse mosungiramo zopereka.

Chaka chimodzi iwo asanamwalire, mu 1859, mwana wa banja la a Rathbone lija, nayenso dzina lake William, analemba ntchito namwino wina, Mary Robinson, kuti aziyendera odwala osauka m'makomo mwawo. Pamenepa ndi pamene panayambira unamwino woyendera anthu m'madera, umene unadzafalikira m'maiko ambiri. Mu 1862, motsatira malangizo a Florence Nightingale, ku Liverpool kunatsegulidwa sukulu ya anamwino. Mwana amene anakulira m'banja lothandiza ntchito ya Mayi Wilkinson ndi amene anadzaika m'dongosolo zimene mayiwa ankachita ndi manja awo okha.

Tchalitchi chachikulu cha Anglican cha ku Liverpool chinayamba kumangidwa mu 1904 pamtunda pa manda a St James aja. Gawo loyamba kutha linali Lady Chapel, limene linapatulidwa mu 1910. M'menemo muli mazenera okumbukira amayi amene anatumikira Mulungu ndi anthu, monga Elizabeth Fry woyendera akaidi, Josephine Butler womenyera ufulu atsikana ogwiritsidwa ntchito ya uhule, ndi namwino Agnes Jones amene anafa ndi typhus mu 1868 akusamala amphawi odwala. Pakati pawo pali mayi wochapa zovala wa pa Denison Street. Mu 2012 chiboliboli chawo chinaimikidwa mu St George's Hall, holo yaikulu ya mzindawo, ndipo anali mayi woyamba kuikidwa pakati pa ziboliboli za abambo otchuka za m'menemo.

Nanga ife?

Mbiriyi ndi ya kutali, koma matendawa ndi athu omwe. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unafika m'dziko lonse la Malawi ndipo unapha anthu oposa 1,700. Unali woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino linaonapo. Ena a ife tinataya abale. M'madera ena anthu anaukira ogwira ntchito zachipatala chifukwa cha mphekesera, monga zinachitikira ku Liverpool zaka 190 m'mbuyomo. Ndinasamalapo odwala kolera m'tenti, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti wofika msanga amachira, pamene wobisidwa m'nyumba amafika mochedwa.

Ife tili ndi mwayi umene Mayi Wilkinson analibe, chifukwa tikudziwa chimene chimapha ndi chimene chimapulumutsa. Wodwala ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, ali pa ulendo wa ku chipatala. Ngati paketi palibe, m'lita imodzi ya madzi owiritsa tisungunuliremo masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Madzi akumwa tiwiritse kapena tithiremo klorini. Zovala ndi zofunda za wodwala ziviikidwe m'klorini kapena ziwiritsidwe, ndipo madzi ake atayidwe m'chimbudzi, kutali ndi chitsime, mjigo kapena mtsinje. Pa maliro, pamene ife amayi a mpingo ndife timagwira mthiko, tisasambe m'manja m'beseni limodzi, koma tizithirirana madzi ndi kugwiritsa ntchito sopo. Thupi la womwalira ndi kolera tisalisambitse tokha, tisiyire a zaumoyo, ngakhale mtima ukuwawa.

Koma phunziro lalikulu la moyo wa mayiwa lili pa mtima. N'kosavuta kuima kutsogolo pa msonkhano n'kumadzudzula amayi kuti ndi auve. Tisanadzudzule, tifunse ngati mnzathuyo ali ndi sopo, nkhuni, ndowa yachiwiri, kapena ndalama yogulira madzi pa kiyosiki. Kalata ya Yakobo, mutu 2, imatichenjeza za kuuza wausiwa ndi wanjala mawu abwino popanda kum'patsa chimene akusowa. Chimodzi mwa zolinga za Mothers' Union, bungwe limene linayamba pamene Mary Sumner anasonkhanitsa amayi a m'parishi yake mu 1876, ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Aliyense wa ife ali ndi chimphika chake. Wina ali ndi mpope pakhomo, wina mbaula, wina chingwe choyanikira, wina foni yoitanira galimoto usiku. Nthambi iliyonse ili ndi timiphika ndi mabeseni amene timangotulutsa pa ukwati ndi pa maliro.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wotsatira, mvula isanayambe, nthambi iliyonse ikhale pansi n'kulemba mabanja a m'dera lake amene matenda atalowa sangakhale ndi pochapira kapena wowaphikira phala, kuphatikizapo amene sali a mpingo wathu. Tiitanenso mlangizi wa zaumoyo adzatiphunzitse kasungunulidwe koyenera ka klorini. Ndipo pamene mjigo wawonongeka kapena msika ulibe chimbudzi, tipite pamodzi kwa amfumu, kwa akhansala ndi ku khonsolo, tisatope ngakhale yankho litachedwa. Mayi Wilkinson anadikira zaka khumi.

Mulungu amene analandira timakobiri ta mayi wamasiye alandirenso zochepa zimene zili m'manja mwathu, ndipo asunge mabanja athu m'nyengo ya dzinja ikubwerayi. Ambuye akhale nanu nonse.